Mafuta a Nzimbe m'Galimoto za Liwiro: Phunziro kwa Dziko Losowa Petulo

Kuyambira chaka cha 2022 mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta yakhala ikubwera ndi kupita m'dziko muno, ndipo nthawi iliyonse pamene mizereyo yatalika, funso limodzi limabwerera m'kamwa mwa anthu: kodi dziko lolima nzimbe zochuluka chotere ligoneranji pa mzere kudikira petulo wochokera kutsidya kwa nyanja? Funsoli si lopanda pake. Petulo amagulidwa ndi ndalama zakunja, amatsitsidwa pa madoko a Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo amayenda makilomita mazanamazana asanafike pa pampu. Pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi magawo 44 mwa 100 mu Novembala 2023, mtengo wa lita iliyonse unakwera, ndipo pambuyo pake panakweranso mtengo wa basi, wa ufa ndi wa sopo.

Pokambirana za ethanol, amene ndi mafuta ochokera ku nzimbe, anthu amagawika pawiri. Ena amati ndi mafuta ofooka, petulo wothira madzi, amene amatha msanga m'thanki ndi kuwononga injini. Ena amati palibe chovuta: boma lingolamula, aliyense athire ethanol m'galimoto mwake, mavuto athere pomwepo. Gulu lililonse lagwira kachidutswa ka choonadi n'kusiya chotsalacho. Yankho lomveka likupezeka kumene ambiri sakadaliyembekezera, kwa eni galimoto za liwiro a ku Ulaya ndi ku America. Anthu amenewa sasowa petulo, komabe amatulutsa ndalama zawo mwadala kuti asinthe injini zawo zizimwa ethanol. Zimene iwo amachita m'galaja zikusonyeza mphamvu ya mafutawa, mtengo wake weniweni, ndiponso zimene dziko liyenera kukonza lisanauze anthu ake kuti asinthe galimoto zawo.

Ethanol ndi chiyani?

Ethanol ndiye chinthu chija chimene chimaledzeretsa mu kachasu, m'masese ndi mu mowa wa m'mabotolo. Ophunzira a ku sekondale amamudziwa ndi chizindikiro cha C2H5OH. Amapangidwa pamene yisiti wadya shuga wa m'madzi otsekemera, ndipo madzi osasawo akatchezedwa, ethanol amayamba kutuluka ngati nthunzi chifukwa amawira msanga kuposa madzi. Kachasu wa kumudzi amatsala ndi madzi ochuluka, motero sangayendetse galimoto. Fakitale imatcheza kufikira ethanol atakwana magawo 95 kapena 96 mwa 100, ndipo amene akukasakanizidwa ndi petulo amachotsedwanso madzi otsalawo mwa njira zina. Ethanol wa galimoto sangamwedwe, pakuti amathiridwa petulo kapena mankhwala ena oopsa m'thupi la munthu.

Mafuta osakaniza amatchulidwa ndi chilembo E pamodzi ndi nambala. E10 ndi mafuta amene magawo 10 mwa 100 ndi ethanol, otsalawo ndi petulo. E20 ali ndi magawo 20. Amene eni galimoto za liwiro amawakonda ndi E85, mafuta amene ethanol amafika magawo 85 ndipo petulo amangokhala wokometsera.

Chimene a liwiro akufunamo

M'kati mwa injini muli masilinda, ndipo m'silinda iliyonse pisitoni imakwera n'kufinya mpweya wosakanizika ndi mafuta. Pulagi ikathetheka moto, mafutawo amayaka n'kukankhira pisitoni pansi, ndipo mphamvu imeneyi ndiyo imakazunguza matayala. Mpweya ndi mafuta zikachuluka ndi kufinyidwa kwambiri, mphamvu nayo imachuluka. N'chifukwa chake galimoto zambiri za liwiro zili ndi turbo, chipangizo chimene chimakankhira mpweya wochuluka m'masilinda. Komatu pali malire. Petulo akafinyidwa ndi kutenthedwa mopitirira muyeso, gawo lina limaphulika lokha moto wa pulagi usanalifikire, ndipo injini imamveka kugogoda ngati misomali yogwedezedwa m'chitini. Kugogoda kotere kukapitirira kumaswa pisitoni.

Kupirira kwa mafuta pofinyidwa kumayesedwa ndi nambala yotchedwa octane. Petulo wa pa pampu m'mayiko ambiri ali ndi octane ya pakati pa 91 ndi 98. Ethanol ali ndi octane pafupifupi 108, ndipo E85 amapitirira 100. Tanthauzo lake n'lakuti injini yomwa E85 ingathe kukankhiridwa mpweya wochuluka ndi kuyatsidwa moto mofulumirirako popanda kugogoda.

Pali ubwino wachiwiri. Aliyense amene anapakidwapo sipiriti pa mkono asanabayidwe jakisoni akukumbukira kuzizira kumene anamva pa khungu. Ethanol posanduka nthunzi amayamwa kutentha kochuluka, koposa kawiri kumene petulo wolemera chimodzimodzi amayamwa. Motero akapoperedwa m'njira ya mpweya amauziziritsa, ndipo mpweya wozizira umalowa wambiri m'silinda, sugogodanso msanga.

Umboni ulipo wosakanika. Kampani ya Koenigsegg ya ku Sweden inali ndi galimoto yotchedwa CCX, imene injini yake inkatulutsa mphamvu yoyesedwa ndi akavalo 806 ikamamwa petulo. M'chaka cha 2007 kampaniyo inatulutsa CCXR, ya injini ya mtundu womwewo koma yokonzedwa kuti izimwa E85, ndipo mphamvu inafika akavalo 1,018. Chaka chomwecho mpikisano wa IndyCar wa ku America, umene mbali yake ndi liwiro lotchuka la Indianapolis 500, unayamba kuyendera ethanol. Mu 2012 unasinthira ku E85, ndipo mu 2023 unatenga mafuta amene mbali yake ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe za ku Brazil. Mpikisano wa NASCAR nawo unayamba kugwiritsa ntchito E15 mu 2011. Amene amati ethanol ndi petulo wothira madzi ayenera kufotokoza chifukwa chake anthu opikisana pa mphoto za ndalama zankhaninkhani amamusankha.

Walira mvula walira matope

Ngakhale zili chomwecho, odandaula aja sakunama pamene akuti mafutawa amatha msanga. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa ethanol ndi okosijeni, ndipo okosijeni ameneyu sapereka mphamvu ya moto. Chotsatira chake n'chakuti lita imodzi ya ethanol ili ndi mphamvu yokwana magawo awiri okha mwa atatu a mphamvu ya lita ya petulo. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo iyake bwino pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Kilogalamu ya ethanol imafuna makilogalamu 9 okha, ndipo ya E85 imafuna pafupifupi 9.8. Tsono pa mpweya womwewo umene injini yakoka, pafunika kuthira E85 wochuluka kuposa petulo ndi magawo 30 mpaka 40 mwa 100.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka: mafuta ofooka pa lita angapereke bwanji mphamvu yochuluka? Yankho ndi lakuti chimene chimaika malire pa mphamvu ya injini ya liwiro ndi kuchuluka kwa mpweya umene ingameze popanda kugogoda. Malita a mafuta mwini galimoto angathe kuwonjezera mmene angafunire. Iye amagula mphamvu, nalipira ndi ludzu la injini, ndipo amachita zimenezi akudziwa.

Zimene makaniko amasintha

Ntchito yosintha galimoto imayambira pa ludzu lomweli. Choyamba ndi mainjekita, timipopi timene timapopera mafuta m'injini. Amene anabwera ndi galimoto anayesedwa pa petulo, ndipo injini ikathamanga kwambiri sangathe kutulutsa mafuta owonjezera aja, motero amachotsedwa n'kuikapo aakulu. Chachiwiri ndi pampu ya m'thanki, imene iyenera kutumiza mafuta ochuluka popanda kufooka. Mwini galimoto ya liwiro kawirikawiri amaika pampu yaikulu, nthawi zina ziwiri, pamodzi ndi mawaya okhuthala oipatsa magetsi.

Chachitatu ndi njira yonse imene mafuta amadutsamo. Ethanol amafewetsa kapena kuumitsa mphira wa mtundu wakale, amadya zitsulo zina zofewa, ndiponso amayamwa chinyezi cha mumpweya, chimene chimabweretsa dzimbiri galimoto ikakhala nthawi yaitali osayenda. Mapaipi, timphira totsekera ndi sefa ya mafuta ziyenera kukhala za mtundu wopirira. Ethanol amasungunulanso litsiro limene petulo anasiya m'thanki kwa zaka zambiri, ndipo litsirolo limakatseka sefa m'masabata oyamba. Makaniko wodziwa ntchito amatsuka thanki asanayambe, n'kudzasinthanso sefa pakapita kanthawi.

Chachinayi, chimenenso chili chachikulu pa zonse, ndi kompyuta ya injini. Iyo ndiyo imalamula nthawi imene injekita ikhale yotsegula, nthawi imene pulagi ithetheke, ndi mpweya umene turbo ikankhe. Malangizo ake onse ayenera kulembedwanso, galimoto ili pa makina oyesera mphamvu. Ambiri amaikanso kachipangizo pa paipi ya mafuta koyeza kuchuluka kwa ethanol amene akudutsa, kuti kompyuta izisintha yokha malinga ndi zimene zili m'thanki. Kachipangizo kameneka n'kofunika, pakuti mafuta olembedwa E85 pa pampu sakhala ofanana chaka chonse: ku America lamulo limalola kuti ethanol akhale pakati pa magawo 51 ndi 83, ndipo amachepetsedwa m'nyengo yozizira.

Kuchepetsako kuli ndi chifukwa chake. Ethanol sasanduka nthunzi mosavuta kukazizira, motero injini imavuta kulira m'mawa. Magawo a petulo amene ali mu E85 anaikidwamo makamaka kaamba ka vutoli. Ku Brazil galimoto zoyamba za ethanol zinali ndi kathanki kakang'ono ka petulo kolizira injini. Vutoli si la mayiko a chisanu okha ayi. M'mawa wa mwezi wa Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu, ngakhalenso tsiku la chiperoni ku Thyolo, n'lokwanira kuvutitsa injini yosakonzedwa bwino. Pomaliza, mafuta osapsa amatsikira mu oyilo n'kumusungunula, makamaka pa maulendo aafupi, motero oyilo amayenera kusinthidwa pafupipafupi.

Choopsa chili pa ntchito yosiyira pakati. Munthu akathira E85 m'galimoto yosasinthidwa, kompyuta imayesa kuwonjezera mafuta mpaka pa malire ake, kenaka imalephera. Mpweya umachuluka, mafuta n'kuchepa, ndipo pokwera chitunda ndi katundu injini imadukiza, imatentha, nthawi zina mpaka kupsereza mavalavu kapena pisitoni. Safunsa anadya phula. Ndalama zimene munthu anapulumutsa pokana kugula mainjekita zimatuluka kakhumi pogula injini ina.

Nanga galimoto wamba?

Mphamvu zodabwitsa za Koenigsegg zisanyenge mwini minibasi kapena woyendetsa Sienta ya matola. Phindu la octane limaoneka pa injini yofinya kwambiri kapena ya turbo. Injini wamba ikasinthidwa imangowonjezera mphamvu pang'ono, koma ludzu limakhala lomwe lija. Galimoto zambiri zakale zimene zimabwera kuno kuchokera ku Japan sizinapangidwire ethanol wochuluka chotere, ndipo njinga zamoto zambiri za kabaza zili ndi kabuleta, imene ilibe kompyuta yoti n'kudziwongolera yokha. Injini za dizilo, monga za malole, mathirakitala ndi zigayo zambiri, sizingamwe E85 n'komwe.

Kwa mwini galimoto wamba nkhani yonse yagona pa masamu a Fomu 1. Galimoto yoyenda makilomita 10 pa lita ya petulo imafuna malita 31 pa ulendo wa pafupifupi makilomita 310 kuchokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe. Pa E85 ulendo womwewo udzafuna malita oposa 40. Ngati mitengo ya malita awiriwa ili yofanana, wosintha galimoto waluza, ndipo waluza kawiri akawerengera ndalama za makaniko. Oyendetsa galimoto a ku Brazil ali ndi lamulo la pamtima: ethanol amapindulitsa pokhapokha mtengo wake usapitirire magawo 70 mwa 100 a mtengo wa petulo. Ngati petulo ali pa K100, ethanol asadutse K70. Dziko la India linafika pa E20 m'chaka cha 2025, ndipo eni galimoto ambiri anadandaula kuti makilomita pa lita atsika pamene mtengo wa pa pampu sunatsike. Anthu amalandira mafuta atsopano mosavuta akauzidwa zoona za ludzu lake ndi kuona kusiyana pa mtengo.

Chaona mnzako chapita

Palibe dziko limene layenda patali pa njirayi kuposa Brazil. Mitengo ya mafuta itakwera mu 1973, boma la kumeneko linakhazikitsa ndondomeko ya Proálcool mu 1975, ndipo mu 1979 kampani ya Fiat inatulutsa galimoto yotchedwa 147, yoyendera ethanol yekha. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1980, galimoto zoposa zitatu mwa zinayi zilizonse zatsopano zinali za ethanol. Kenaka zinthu zinatembenuka. Mtengo wa mafuta pa msika wa dziko lonse unagwa mu 1986, boma linachepetsa thandizo lake, mtengo wa shuga unakwera, ndipo eni mafakitale anaona kuti n'kwabwino kuphika shuga kusiyana ndi kutcheza ethanol. Mu 1989 ethanol anasowa pa mapampu. Anthu mamiliyoni anali ndi galimoto zosatha kumwa petulo, ndipo anaima pa mizere m'dziko lodzaza ndi nzimbe. Chikhulupiriro chinatha, kotero kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 galimoto za ethanol zinali zosakwana imodzi mwa 100 zilizonse zogulitsidwa.

Chimene chinabwezeretsa chikhulupiriro ndi galimoto yomwa zonse ziwiri. Mu Malichi 2003 kampani ya Volkswagen inatulutsa Gol Total Flex, imene kompyuta yake imazindikira yokha mafuta amene ali m'thanki. Mwini wake amayang'ana mitengo iwiri pa chikwangwani n'kusankha, ndipo ethanol akasowa sagona pa mzere. Lero galimoto zatsopano zambiri zogulitsidwa ku Brazil ndi za mtundu umenewu, ndipo mu Ogasiti 2025 dzikolo linakweza ethanol wa mu petulo wamba kufika magawo 30. Nzeru imeneyi ndi yomwe ija ya kachipangizo ka pa paipi ya galimoto ya liwiro: wosintha injini asadzitsekere khomo lobwererera ku petulo.

Kumene Malawi waima

Malawi si mlendo pa nkhaniyi. Kukwera kwa mitengo ya mafuta mu 1973 ndi 1979, pamodzi ndi nkhondo ya ku Mozambique imene inasokoneza njanji za ku Beira ndi Nacala, zinachititsa dziko lino kufunafuna mafuta akeake. Zimbabwe anatsegula fakitale ya ethanol ku Triangle mu 1980, ndipo mu 1982 fakitale ya Ethanol Company inayamba ntchito ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota. Mu 2004 inatsegulidwanso ya PressCane m'boma la Chikwawa. Kuyambira 1982 petulo wa kuno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol, pakati pa magawo 10 ndi 20 malinga ndi kupezeka kwake. Ambiri mwa amene amanyoza ethanol akhala akuyendera mafutawa moyo wawo wonse.

Kusintha injini nako kunayesedwa. M'zaka za 2006 ndi 2007 aphunzitsi a ntchito zamanja a pa Lilongwe Technical College anakonza galimoto ya Mitsubishi Pajero kuti iziyendera ethanol, nayiyesa pa misewu ya dziko lino, ndipo galimoto ya Ford yomwa zonse ziwiri inaitanitsidwa kuchokera ku Brazil. Kuyesako kunasonyeza kuti amisiri a kuno angathe ntchitoyi. Komabe zaka zoposa 15 zadutsa, ndipo pampu ya ethanol sinakhale chinthu wamba m'mbali mwa misewu. Chifukwa chake chili kumunda ndi ku fakitale ya shuga.

Ethanol wa kuno amachokera ku molasesi, madzi akuda okhuthala ngati uchi amene amatsala pophika shuga ku Dwangwa ndi ku Nchalo. Tani imodzi ya nzimbe imapereka makilogalamu a shuga oposa 100 pang'ono, ndi molasesi wokwana pafupifupi makilogalamu 40, amene amatulutsa malita 10 okha a ethanol. Tani yomweyo ikafinyidwa n'kutcheza madzi ake onse, monga momwe mafakitale ambiri a ku Brazil amachitira, imatulutsa malita 70 mpaka 80. Motero ethanol wa kuno ndi mwana wa shuga: amachuluka pokhapokha shuga wachuluka, ndipo nyengo yodula nzimbe ikatha mvula itayamba, molasesi amayamba kuchepa. Mafakitale awiri aja akhala akugwira ntchito mosafika pa mphamvu zawo kaamba ka kuchepa kwa molasesi. Ethanol wochepayo alinso ndi ogula ena: opanga zakumwa zaukali, zipatala ndi misika yakunja.

Apa pali masamu ena amene okonda kusintha galimoto sawatchula. Malita 100 a ethanol angathe kupanga malita 500 a E20, amene galimoto zambiri zingagawane, kapena malita 118 okha a E85 a galimoto zowerengeka. Njira zonse ziwiri zagwiritsa ntchito ethanol wofanana, motero petulo amene dziko lapewa kugula kunja ndi wofanananso. Tanthauzo lake n'lakuti, malinga ngati dziko silinakwanitse kusakaniza magawo 20 chaka chonse, kusintha galimoto kuti zizimwa E85 sikupulumutsa ndalama zakunja zowonjezera. Kumangochotsa ethanol m'thanki ya anthu ambiri n'kumuthira m'thanki ya ochepa. Phindu la dziko limayamba pamene ethanol wasefukira kupitirira zofunika posakaniza.

Mtengo wa kumunda

Kuchulukitsa ethanol kumafuna malo ndi madzi. Nzimbe ndi mbewu ya ludzu, ndipo m'chigwa cha Shire sizingakule popanda mthirira. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira, inakonzedwa kuti itsegule minda yambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, koma hekitala iliyonse yobzalidwa nzimbe ndi hekitala imene sinabzalidwe chimanga, mpunga kapena nyemba. M'dziko limene njala imabwera kawirikawiri, funso limeneli silingadumphidwe. Ku America ethanol amachokera ku chimanga, ndipo ku India mbali ina imachokera ku chimanga ndi mpunga. Kuno chimanga ndi nsima, motero njira imeneyo ndi yotsekeka.

Chigwa chomwecho ndicho chimamizidwa ndi madzi, monga zinachitikira pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Dziko lodalira nzimbe za chigwa chimodzi pa mafuta ake likhoza kusowa shuga ndi mafuta tsiku limodzi. Palinso zonyansa za fakitale: lita iliyonse ya ethanol imasiya malita 10 kapena kuposerapo a madzi akuda onunkha, amene akasamalidwa amasanduka manyowa a m'munda, koma akatayidwa chisawawa amaononga mitsinje ndi minda ya anthu oyandikana nayo. Mlimi wamng'ono wa nzimbe nayenso ayenera kudziwa mtengo umene adzalandira asanapereke munda wake, pakuti nzimbe si mbewu yoti n'kuizula chaka chamawa.

Dongosolo loyenera

Makaniko wa galimoto za liwiro sayamba ndi kukweza mphamvu ya turbo. Amayamba ndi pampu ndi mapaipi, kuti atsimikize kuti mafuta adzafika okwanira, ndipo mphamvu imabwera pomaliza. Dziko nalo liyenera kutsata dongosolo lomwelo. Choyamba ndi nzimbe zolimidwira ethanol, pa malo osankhidwa mosalanda chakudya, m'zigawo zoposa chimodzi. Chachiwiri ndi mathanki osungira, kuti kusakaniza magawo 20 kusadukize m'miyezi imene mafakitale a shuga aima. Chachitatu ndi mtengo: bungwe la MERA, limene limayang'anira mitengo ya mafuta, liyenera kuonetsetsa kuti lita ya ethanol ikuperekedwa pa mtengo wolingana ndi makilomita amene imayendetsa, komanso wosagwetsa mlimi ndi fakitale.

Chachinayi ndi lamulo loteteza mwini galimoto. Dziko la France linapereka chitsanzo mu Disembala 2017 pamene linaloleza timabokosi tosinthira galimoto za petulo kuti zizimwa E85. Kabokosi kotere kamatalikitsa nthawi imene injekita imakhala yotsegula. Lamulolo linati kabokosi kakhale koyesedwa ndi kuvomerezedwa pa mtundu wa galimotoyo, kaikidwe ndi mmisiri wovomerezeka, ndipo mapepala a galimoto asinthidwe. Popanda lamulo lotere msika umadzaza ndi zipangizo zachinyengo, injini zimapsa, ndipo mlandu umagwera ethanol. Malawi Bureau of Standards ndi nthambi yoona za pamsewu zili ndi gawo lalikulu pamenepa. Kuyesa kukayamba, kuyambire pa galimoto za boma ndi za makampani zimene zimamwera malo amodzi, kumene malita ndi makilomita angalembedwe ndi kulengezedwa poyera.

Chachisanu ndi anthu odziwa ntchito, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza achinyamata otsiriza sukulu ndi aphunzitsi awo. Makaniko wa kale ankamvetsera injini ndi khutu n'kupotokola kabuleta. Galimoto za masiku ano zimafuna munthu wotha kulumikiza kompyuta, kuwerenga manambala a mpweya ndi mafuta, ndi kumvetsa chifukwa chake 14.7 wasanduka 9.8. Luso limeneli lili ndi msika ngakhale E85 asanafike pa pampu, popeza galimoto za makompyuta zadzaza kale m'misewu. Masukulu a ntchito zamanja monga a Soche, Nasawa, Lilongwe ndi Mzuzu, pamodzi ndi bungwe la TEVETA, angachite bwino kulimbikitsa maphunziro a magetsi ndi makompyuta a galimoto. Mphunzitsi wa sayansi ku sekondale naye ali ndi phunziro lathunthu m'nkhaniyi: kusasa, kutcheza, kuyaka kwa mafuta ndi masamu a magawo, zonse pa chinthu chimene ophunzira amachiona pa msewu tsiku ndi tsiku.

Eni galimoto za liwiro atsimikiza kuti mafuta a nzimbe ali ndi mphamvu, ndipo amisiri a pa Lilongwe Technical College anasonyeza kuti injini ingasinthidwe kuno komwe. Brazil wasonyeza zimene zimachitika galimoto zikasinthidwa mafuta asanakwane. Wachinyamata amene wamva kuti kabokosi kotsika mtengo kamuchotsa pa mzere wa petulo adzifunse mafunso atatu asanatulutse ndalama: ethanol ameneyo akamugula kuti mwezi wa Febuluwale, pa mtengo wanji poyerekeza ndi petulo, ndipo injini ikapsa adzalipira ndani? Mafunso omwewa ndi amene aphungu a Nyumba ya Malamulo ayenera kufunsa nduna nthawi iliyonse pamene nkhani ya galimoto za ethanol yabwereranso m'nyumbamo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Gawo lotsatira lidzaunika za alimi ang'onoang'ono a nzimbe a ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndi momwe mtengo wa tani ya nzimbe umawerengedwera.